Ndikufuna kufufuza chiyankhulo cha ma troll a pa Facebook, ndiyambire pati?

Funso ili lachokera kwa mtsikana wina wa ku Area 25 amene ali chaka chomaliza pa koleji ina muno mu Lilongwe. Mwachidule akuti: "Ndikufuna dizeteshoni yanga ikhale ya chiyankhulo chimene ma troll amagwiritsa ntchito pa intaneti kuno ku Malawi. Ndasunga kale masikirinishoti ambirimbiri mufoni a anthu akutukwanizana pa Facebook, pa TikTok ndi mmagulupu a WhatsApp. A supavaiza andibwezera pulopozo akuti mutu wakula kwambiri komanso sakuona chimene ndipange ndi detayo. Ndatsala ndi semesita imodzi basi. Ndiyambire pati?"

Achemwali, mutuwu musautaye, ndi wabwino zedi. Zochita za ma troll, anthu oputa anzawo dala pa intaneti kuti akwiye, tonse timaziona pafoni tsiku ndi tsiku koma zimafunika munthu wozikhalira pansi nkuziunika bwinobwino. A supavaiza anu sakukuzunzani ayi, akunena zoona. Facebook, TikTok, WhatsApp, ndale, mpira, oimba, azibusa, zonsezo mu semesita imodzi ndekuti mudzafika mwezi womaliza muli ndi mulu wa zinthu koma chaputala 4 mulibe, paja amati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Koma ine chandidetsa nkhawa kwambiri ndi masikirinishotiwo. Munkajambula chani? Ndikukhulupirira munkajambula zimene zinakudzidzimutsani, zotukwana zenizeni zija zoti munthu umati eeh. Nde deta yotero imangoonetsa zimene zimakudabwitsani inuyo, sionetsa mmene anthu amaputirana. Komanso sikirinishoti nthawi zambiri imadula, mumakhala ndi komenti imodzi koma positi yake mulibe, amene anayankha mulibe, tsiku simukulikumbuka.

Tandilolani ndikuonetseni zitsanzo ziwiri, zonse ndangopeka ndekha koma muzizindikira. Peji ya nkhani yaika chithunzi cha woimba wamkazi akulengeza shoo yake ya Loweruka. Wina akulemba kuti: "Akuluakulu tandithandizani, kameneka kamaimba kapena kamangolira?" Mayi wina akuyankha: "Ulemu bambo, mwana wa eni ake ameneyo." Uja akubwera: "Pepani amayi, sindimadziwa kuti kali ndi loya kkkkk." Kenako wachitatu: "Musamuyankhe ameneyo, amangofuna muzimutsatira."

Chachiwiri, gemu ya Bullets ndi Wanderers yangotha kumene. Wina akuti: "Neba wagonanso ndi njala, mbuzi inu simudzatheka kkkk." Winayo: "Galu iwe dikira raundi yachiwiri, tikupeza konkuno neba." Onse awiri apatsana ka emoji koseka kaja.

Tsopano mutati muwerenge mawu otukwana, chachiwirichi chili ndi mbuzi, chili ndi galu, chili ndi "tikupeza" amene akumveka ngati kuopseza. Choyamba chija mulibe liwu lotukwana olo limodzi, muli "akuluakulu", muli "pepani", muli "amayi". Koma Mmalawi aliyense akuona kuti wopwetekedwa ali pa choyambacho. Taonani mmene yamangidwira komentiyo: wayamba ndi ulemu kwa owerenga, waika nkhaniyo ngati funso la munthu wofuna thandizo, koma woimbayo wamuchotsa mgulu la anthu nkumuika mgulu la tinthu, kameneka, kamaimba, kamangolira. Atadzudzulidwa wapepesa pakamwa pokha, "ka" uja sanamusiye, akuti "kali ndi loya", ndipo mayi wodzudzula uja wamukokeranso mmasewera ake. Wachitatu uja nde wakuuzani poyera kuti anthu a pamenepo aiona bwanji nkhaniyo. Uphungu wanga wonse wagona apa: chimene muziunika chikhale kukambirana konse, kuyambira positi, komenti yoputa, mayankho ake mpaka pamene zathera. Komenti yoima payokha singakuuzeni ngati kunali kuputa kapena kucheza.

Njira imeneyi sindinayambe ine. Mu 2010 Claire Hardaker, amene pano ali ku Lancaster University ku England, anatulutsa kafukufuku mu Journal of Politeness Research. Anasonkhanitsa mawu okwana 172 miliyoni kuchokera pa Usenet, njira yakale yochezerana pa intaneti, ndipo mmalo moti iyeyo agamule kuti troll ndi ndani, anasaka malo amene eni akewo ankanenana kuti uyu ndi troll, nkuona kuti amatero akaona chani. Anapeza zinthu 4 zobwerezabwereza: chinyengo, monga kudzionetsa ngati ukufunsa moona mtima pamene ayi, ukali woputa nawo ena, kusokoneza zimene anthu amakambirana, ndi kuti kodi nyamboyo anthu aimeza kapena aizindikira. Nambala ya 172 miliyoniyo isakuopseni, inuyo simukufunika zimenezo. Tengani nzeru yakeyo. Amalawi ambiri mmakomenti salemba liwu loti troll, amalemba kuti "musamuyankhe", "akungofuna kutchuka", "watumidwa ameneyu", "ndi feki akaunti iyi", "akufuna ma like". Mukaona mawu otere bwererani mmwamba mukaone chimene chawayankhulitsa, pamenepo ndi pamene pali deta yanu. Ndipo tanthauzo la trolling limene mulembe mu chaputala 1 lidzakhala ndi miyendo chifukwa likuchokera kwa anthu eni ake, osati mmutu mwanu.

Nde chepetsani motere. Malo amodzi, ndipo ine ndingati mapeji a Facebook amene ali poyera, monga a nyumba zoulutsa nkhani, chifukwa zonse ndi zolembedwa kale ndipo zimaoneka kuti uyu akuyankha uyu. TikTok isiyeni kaye, kumeneko muli mavidiyo, mawu apakamwa, nyimbo, nkhope, kungolemba zimene munthu wanena mu vidiyo ya mphindi 3 kumadya nthawi yoti mulibe. WhatsApp nde ayi ndithu, gulupu ya mpingo kapena ya kalasi ndi malo otseka, anthu amayankhula podziwa kuti ali okhaokha, simungatenge mawu awo popanda kuwapempha mmodzimmodzi. Masikirinishoti a WhatsApp amene muli nawowo asalowe mu dizeteshoni.

Kenako mtundu umodzi wa nkhani ndi nyengo imodzi. Ndale zili ndi deta yambiri, makamaka nthawi ya chisankho ngati cha pa 16 September 2025, ndipo ziliko ndi mawu akeake amene anthu amagendana nawo, "makadeti", "madando" amene anatchuka pa chisankho cha 2019, ndi mayina onyozera mitundu ndi zigawo. Koma kwa munthu wa semesita imodzi ndale ndi zolemera, muyenera kufotokoza mbiri yambiri kuti owerenga amve komenti imodzi, komanso ndi kumene kuli chiopsezo chachikulu kwa anthu amene mukuwatenga mawu. Ndikanakhala inuyo ndikanasankha kufananitsa zinthu ziwiri pa peji imodzimodzi, mwachitsanzo makomenti a pansi pa mapositi a oimba aakazi ndi a pansi pa mapositi a oimba aamuna, kapena a mpira ndi a oimba. Kufananitsa kumakupatsani chonena. Popanda kufananitsa mudzangomaliza ndi mawu oti anthu amatukwana pa Facebook, zimene agogo anu omwe akudziwa kale. Funso lanu likhoza kumveka chonchi: kodi anthu amagwiritsa ntchito njira ziti za chiyankhulo poputa ena mmakomenti a mapositi a oimba aakazi ndi aamuna pa peji yakutiyakuti pakati pa mwezi wakuti ndi wakuti, nanga ena amawayankha bwanji? Funso limodzi, timafunso tiwiri kapena titatu pansi pake, basi.

Lamulo losankhira mapositi mulilembe musanayambe kuwerenga makomenti, ichi nchofunika kwambiri ndipo ma examiner amafunsa. Mwachitsanzo: mapositi onse a oimba amene peji inaika mmiyezi iwiri, amene ali ndi makomenti opitirira 50, ndipo pa positi iliyonse nditenga makomenti 30 oyambirira pamodzi ndi mayankho ake onse. Mukatero mutenga ndi zozizira zomwe, za "more fire" ndi "tikubwera", ndipo nzabwino chifukwa mudzatha kunena kuti pa makomenti onse oputa analipo angati. Mapositi 20 kufika 30, makomenti 600 kufika 900 osawerengera mayankho ake, kwa digiri yoyamba nzokwana ndithu bola muziunike mozama.

Kutolera kwake ndi kwa pamanja, palibe chidule. Pulogalamu ya CrowdTangle imene ofufuza ankadalira potolera deta, Meta, kampani ya eni ake Facebook, inaitseka mu August 2024, X (imene kale inali Twitter) inayamba kulipiritsa njira yotengera deta mu 2023, ndipo malamulo a Facebook amakaniza kukokolola makomenti ndi mapulogalamu popanda chilolezo chawo. Nde ndi inuyo, laputopu ndi Excel kapena Google Sheets. Kanthu kakang'ono koma anthu ambiri kamawagwetsa: Facebook imakuonetsani makomenti amene yasankha yokha pansi pa "Most relevant", muzisintha nthawi zonse kuti pakhale "All comments" ndipo muzitsegula mayankho onse obisika aja. Muzitolera patapita nthawi yofanana pa positi iliyonse, tinene masiku awiri, ndipo mulembe mu methodology kuti makomenti ena oipitsitsa ma admin amakhala afufuta kale. Mukaona anthu akuyankha komenti yoti palibepo, lembani kuti apa panali komenti yofufutidwa, chimenecho nachonso ndi chidziwitso. Mzere uliwonse mu Excel ukhale komenti imodzi, ndi nambala yake ngati P07-K23 (positi 7, komenti 23), tsiku, akuyankha ndani, mawu ake ndendende, ma emoji amene analandira. Bandulo ya usiku imathandiza, kapena wifi ya pasukulu ngati ikugwira.

Ndati ndendende, ndipo apa ndikhalitsepo pang'ono. Musakonze sipelo ya munthu. Wina alemba chitsiru, wina chitsilu, wina chisiru, wina chisilu, wina alemba "ukuziwa" mmalo mwa "ukudziwa", wina "sopano", wina amaika nyenyezi kapena nambala pakati pa liwu kuti Facebook isamugwire. Zonsezo ndi deta, ndipo pena sipeloyo ndi imene ikunyozedwa. Chimene mungachite nkuika kolamu ina pambali ya sipelo yokhazikika kuti kusaka kuphweke. Pali pulogalamu yaulere ya AntConc, anaipanga Laurence Anthony wa ku Waseda University ku Japan, imawerenga mawu nkukuonetsani liwu lililonse ndi mawu oyandikana nalo. Ndi yabwino koma pa Chichewa ili ndi malire ake. "Ka" wonyoza uja ali mkati mwa liwu, nde mukasaka mawu oyamba ndi ka ikubweretserani kaya, kale, kapena, kampani, kanema, zonse pamodzi ndi kameneka. Chimodzimodzi "chi" wa chimunthu ndi chinkhope adzasakanikirana ndi chifukwa ndi chikondi. Kompyuta ikuthandizeni kupeza, koma kugamula ndi kwa maso anu.

Pogawa makomenti mmagulu musayambire pa zero. Jonathan Culpeper, nayenso wa ku Lancaster, mu buku lake la 2011 la za mwano mchiyankhulo anaonetsa mitundu ya mawu amene anthu anazolowera kupwetekera anzawo: kunyoza mwachindunji, mafunso obaya, kuchepetsa munthu, kumuthamangitsa, kumutseka pakamwa, kumuopseza, kumutemberera. Mu Chichewa zonsezi ziliko, "galu iwe", "unapitako ku sukulu koma?", "ndiwe mwana iwe sungamve", "kagone uko", "tseka pakamwa", "tikupeza". Hardaker uja mu 2013 anaonjezera njira 6 zimene ma troll amatsata, ndipo ina mwa izo ndi kutola tizolakwika ta mnzako monga galamala mmalo moyankha mfundo yake. Imeneyo kuno nde kwawo, munthu walemba maganizo ake mchizungu chopunduka pang'ono, wina osayankha mfundoyo angoti "lembani mChichewa bwana, chizungu chakukanani". Koma kumbukirani kuti magulu amenewa anawapanga poona Chingerezi. Ntchito yanu yeniyeni, imene ingakupatseni distinction, ndi kuonetsa pamene Chichewa chikuchita zinthu zoti magulu awowo sakuzigwira.

Ndipo malo oterowo alipo ambiri. Poyamba ndi mawu oti "iwe" ndi "inu". Muzilemba pa komenti iliyonse kuti munthu watchulidwa bwanji, ndipo muziyang'anitsitsa pamene zasintha, anthu ayamba ndi inu inu kenako pa yankho lachitatu wina wagwera pa iwe, pamenepo ndi pamene ndewu yayambira olo pasakhale liwu loipa. Palinso zotembenuza, kumupatsa munthu ulemu wopyola muyezo, "olemekezeka", "bwana mkubwa", "madala", kuti aoneke wopusa, kapena kumuchotsera "a" munthu wamkulu amene aliyense amamutchula ndi a. Kenako ka ndi ti, chi ndi zi, amene ndanena aja, ndipo ndingakonde mutaona ngati amagwera kwambiri akazi kapena amuna, musangoganiza, werengani. Miyambi ndi mavesi a mBaibulo nazonso anthu amabaya nazo. Kusintha chiyankhulo pakati pa chiganizo ndi nkhani inanso yonona, ndani akuthawira ku chizungu ndipo pa mfundo iti, kodi akufuna aoneke wophunzira kuposa mnzakeyo, nanga wina akamalowetsa liwu limodzi la Chitumbuka kapena Chiyao pamene iye si wa chiyankhulocho akufuna kunena chani za mnzakeyo. Pa za kusintha chiyankhulozi werengani katswiri wa ziyankhulo Carol Myers-Scotton, ntchito zake za 1993 ndi zimene ambiri amayambira, ndipo za kuno kwathu sakani zolemba za Edrinnie Kayambazinthu. Pa chiyankhulo cha achinyamata, mawu ngati kape, mfana, dolo, pali pepala la Francis Moto la 2001 mu Nordic Journal of African Studies limene mungalipeze mwaulere pa intaneti, komanso kafukufuku wa Chimwemwe Kamanga wa Chibrazi, chiyankhulo cha mtauni. Zonsezi simungazitenge, sankhani ziwiri kapena zitatu zimene deta yanu ikuonetsa kwambiri.

Chinthu china chimene ndimafuna wophunzira wina atachilemba bwino ndi nkhani ya chisuweni. Kwathu kuno kunyozana kololedwa kulipo kuyambira kale, asuweni amatonzana, alamu amaseweretsana, adzukulu pamaliro amayankhula zoti wina sangayerekeze, ndipo palibe amene amakwiya chifukwa ubalewo ndi umene ukupereka chilolezo. Katswiri wa za chikhalidwe cha anthu Radcliffe-Brown analemba za maubale otere mu 1940. Maule ndi Manoma akamatchulana neba akuchita zofananako, chilolezo chilipo ndipo mbali zonse zikuchidziwa, nchifukwa chake galu ndi mbuzi aja sanapweteke munthu. Tsono pa Facebook mlendo amatenga chilolezo chimenechi kwa munthu amene si msuweni wake, amunyoze thupi kapena banja lake, amalize ndi kkkkk, akadzudzulidwa nkumati "nthabwala chabe inu, bwanji kutengeka". Muike kolamu ya kkkk ndi ma emoji oseka, muone kuti ndi liti pamene winayo akuseka nawo ndipo ndi liti pamene akukana. Malire a kucheza ndi kuputa mudzawapeza mmayankho amenewo.

Chenjezo limodzi pa kalembedwe. Mtima wa munthu simungaudziwe kuchokera pa komenti, nde musalembe kuti uyu cholinga chake chinali chakuti, lembani kuti komentiyi anthu anailandira ngati kuputa ndipo umboni wake ndi uwu. Musalowenso zonena kuti ma troll ndi anthu a mtundu wakuti, osagwira ntchito, a nsanje, odwala maganizo, deta yanu singakuuzeni zimenezo. Kafukufuku wa Justin Cheng ndi anzake wa 2017 anaonetsa kuti anthu wamba omwe amayamba kuputa akakhala kuti sizikuwayendera mumtima komanso akapeza kuti ena ayamba kale kuputa pa nkhaniyo. Ndekuti inuyo mukuunika makomenti, osati mtundu wa anthu.

Mukagawa, tengani gawo la deta, olo makomenti 100, mupatse mnzanu wa mkalasi pamodzi ndi pepala lofotokoza magulu anu, agawe payekha osaona zanu. Kenako muwerenge kuti mwagwirizana pangati. A supavaiza akafuna Cohen's kappa, samu yoyezera kugwirizana kwa anthu awiri ogawa, muwerengere, koma olo maperesenti chabe ndi bwino kusiyana nkusachita. Pamene mwasiyanapo musabise, nthawi zambiri ndi pamene pali nkhani, mwina inu mwaona chipongwe pamene mnzanu wa ku Mzimba kapena ku Mangochi waona nthabwala wamba. Nthawi ikalola chezani ndi anthu 8 kapena 10 a misinkhu yosiyana, aonetseni zitsanzo zochepa zimene mwachotsa mayina, afunseni kuti apa akucheza kapena akumunyoza, mwadziwa bwanji. Mayi wa zaka 50 wa ku Kawale ndi mnyamata wa zaka 20 wa ku Area 49 akhoza kumva komenti imodzi mosiyana kwambiri. Koma ngati nthawi yathina gawo ili ndi limene mungadule.

Tsopano za chilolezo ndi chitetezo, ndipo apa ndikupemphani musachite mwamwambo chabe. Funsani sabata ino kuti pulopozo ya pasukulu panu imadutsa komiti iti, masukulu ena ali ndi makomiti awo ngati UNIMAREC ku University of Malawi ndi MZUNIREC ku Mzuzu University, ndipo ku NCST, bungwe la boma loona za sayansi ndi luso, muno mu Lilongwe kuli komiti yoona kafukufuku wa social sciences ndi humanities. Zimatenga nthawi nde musadikire. Anthu amati zili poyera ndekuti nzaulere, koma amene analemba komenti usiku atakwiya sankadziwa kuti idzakhala mu laibulale zaka 20. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 lili ndi milandu ya kuzunza munthu pa intaneti, kutumiza mauthenga onyansa ndi kulondalonda munthu, pa ndime 86, 87 ndi 88, ndipo anthu amangidwapo mdziko muno chifukwa cha zimene analemba pa Facebook ndi pa WhatsApp. Palinso Data Protection Act ya 2024 imene MACRA ikuyang'anira. Dizeteshoni yanu isasanduke umboni womangitsa munthu, komanso isamuchititsenso manyazi kachiwiri munthu amene ananyozedwa kale.

Nde mayina onse achoke, a onyoza ndi a onyozedwa, muike manambala. Masikirinishoti asalowe mu appendix olo mutadetsa mayina, chithunzi cha profile ndi nthawi zimaulula. Vuto lovutirapo ndi lakuti munthu akhoza kukopera chiganizo mu dizeteshoni nkuchisaka pa Facebook, ndipo sipelo yachilendo ija imapangitsa kuti apezeke msanga. Apa ofufuza amasiyana maganizo chifukwa wa chiyankhulo amafuna mawu enieni. Ine maganizo anga ndi oti muzitenga tizidutswa tifupitifupi tokhala ndi chinthu chimene mukuunikacho, ndipo pamene komenti ndi yoopsa musinthe mawu ena osakhudza mfundo yanu, nkunena poyera mu methodology kuti mwatero. Fayilo yeniyeni ikhale ndi pasiwedi pa laputopu, osati mu gallery ya foni, foni ikafa mumakaisiya kwa okonza mtauni ndi zonse zili momwemo. Ndipo chonde musatsegule feki akaunti kuti mupute anthu muone mmene ayankhire, musayankhe, musaike like, inu ndi woonerera basi. Lilongwe ndi yaing'ono, tsiku lina mudzapeza komenti yonyansa ya munthu amene mumapemphera naye kapena wa mkalasi mwanu, konzekeranitu kuti imeneyo ilandira nambala ngati zina zonse ndipo simukaiuza munthu.

Poti dizeteshoni mulemba mchizungu, chitsanzo chilichonse chikhale ndi mizere itatu, mawu enieni a Chichewa, kumasulira liwu ndi liwu kosonyeza tizigawo ngati ka ndi chi, kenako kumasulira kwa tanthauzo. Mukangoika chizungu chokha iwe ndi inu onse asanduka "you" ndipo mfundo yanu yonse yafera pomwepo. Pa matanthauzo a mawu dalirani Mtanthauziramawu wa Chinyanja wa Centre for Language Studies ya ku Zomba, koma mawu a pa Facebook ambiri simuwapezamo, amenewo mufotokoze kuchokera mmene agwiritsidwira ntchito mu deta yanu ndi zimene anthu ocheza nawo aja akuuzani.

Mudzisamalirenso nokha achemwali. Kuwerenga mawu onyoza akazi maola 6 motsatizana kumalowa mmutu, munthu umayamba kuopa kuika olo chithunzi chako. Muzichita maola awiri nkupuma, ndipo pakhale munthu mmodzi amene mukumuuza mmene mukumvera.

Za sabata ino nazi. Sankhani peji, tengani mapositi atatu okha, mulembe makomenti 50 mu Excel ndi makolamu amene ndatchula aja, muyese kugawa. Kenako mupite kwa a supavaiza ndi pepala limodzi lokhala ndi funso lanu, dzina la peji, miyezi, lamulo losankhira mapositi, ndi kukambirana kumodzi kumene mwakuunika mzere ndi mzere ngati mmene tachitira ndi "kameneka" uja. Mukapeza kuti pa makomenti 50 amenewo oputa ndi mmodzi kapena awiri okha, sinthani peji kapena mtundu wa mapositi sabata yomweyo pulopozo isanapite ku komiti, chifukwa ikangovomerezedwa kusintha kulikonse kumafuna kuti mulembenso kalata yopempha.